Makalata a Omvera: Achifwamba M'masitolo

Kalata yoyamba yachokera kwa Mpondasi ku Mangochi, kwa mayi amene apempha kuti dzina lawo tisatchule. Alemba motere:

"Ndimagwira pa thilu m'sitolo ina yotchipa pa boma pano. Tsiku lina madzulo, tikuwerenga ndalama kuti titseke, kunalowa anthu atatu, mmodzi ali ndi mfuti, awiriwo zikwanje. Anatigoneka chafufumimba pafupi ndi mabelo a shuga, ine ndinkangoona nsapato zawo zafumbi. Atafuna makiyi ndinapereka. Pano abwana akuti bwenzi nditakuwa, ndiye azindidula malipiro mwezi ndi mwezi. Tulo sindikuona. Kodi ndinalakwa?"

Mayi, pepani kwambiri. Simunalakwe ngakhale pang'ono. Munthu atakulozani mfuti, mukuwa kuti abwere ndani? Mlonda wa pakhomo uja ali ndi chibonga ndi wezulo basi. Mwatuluka amoyo inu ndi anzanu chifukwa munapereka makiyiwo.

Za malipirozo zandiwawa. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 salola bwana kudula malipiro mmene wafunira. Musasainire pepala lililonse lovomera ngongole. Tengani lipoti la ku polisi, mupite nalo ku ofesi ya leba pa boma pomwepo. Zikakanika, kuli khoti la Industrial Relations, loweruza milandu ya za ntchito. Kusowa tuloko musakubise, kafotokozeni kuchipatala.

Eni masitolo, ndikudziwa mukumvera. Ndalama za tsiku lonse zimagoneranji m'dirowa, mabanki ali pafupi, makasitomala ambiri atha kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba? Makamaka masiku oyandikira Eid ndi Khirisimasi, malonda akatentha, achifwamba nawonso amawerengera.

Ina yachokera ku Namwera, kwa bambo wa kabaza: "Apa malire a Chiponde ndi pafupi, akaba amawolokera ku Mandimba ku Mozambique. Tikagwira mmodzi tingomuotcha."

Ayi bambo, chonde. Mkwiyo wanu ndikuumva, koma mukamupha, adzaulula ndani kumene kuli mfutiyo ndi anzake aja? Nthawi zina amene mwamugwirayo n'kukhala wongodutsa. Kuba moopseza ndi chida ndi mlandu waukulu, gawo 301 la malamulo a milandu limalola ndende ya moyo wonse. Inu a kabaza mumaona zambiri: mlendo amene wakhala masiku awiri akuzungulira pa sitolo osagula kanthu, njinga yamoto yopanda nambala. Uzani apolisi a m'dera lanu, kapena imbani 997.

Timvereko nyimbo, tikabwera tiwerenga ya ku Monkey Bay.