Makalata a Omvera: Magemu a opanga ang'onoang'ono tigule kuti?

Kalata yoyamba yachokera ku Ndirande. Mnyamata wina walemba kuti: "Achimwene, ine ndimakonda magemu opangidwa ndi munthu mmodzi kapena awiri, osati a makampani akuluakulu aja. Anzanga ena akuti ndizigula pa Steam, ena akuti GOG. Koma bandulo yanga sikhalitsa. Ndilowere kuti?"

Zikomo achimwene. Ngati vuto ndi bandulo, ine ndikuti GOG. Sitoloyi inayambira ku Poland mu 2008, ndipo magemu ake alibe loko uja woletsa kukopera gemu amene amati DRM. Mukagula, mumatsitsa fayilo yoikira gemuyo n'kuisunga pa fulashi. Kompyuta ikafa, mwapeza ina, mwabaya fulashi, gemu yabwerera popanda intaneti. Mukapanda kukhutira nayo, amabweza ndalama mpaka masiku 30.

Steam ndi ya kampani ya Valve, ilipo kuyambira 2003, ndipo katundu wake ndi wochuluka zedi. Koma imafuna pulogalamu yake pa kompyuta yanu, ndipo pulogalamuyo imadzitsitsira zatsopano kawirikawiri, bandulo n'kumapita. Imabweza ndalama ngati sipanadutse masiku 14 ndipo simunasewere maola oposa 2. Chimene ndimaikondera ndi ndemanga za ogula: pambali pa ndemanga iliyonse amalembapo maola amene munthuyo wasewera. Wodandaula atasewera mphindi 20 ndi wodandaula atasewera maola 300 si amodzi. Werengani kumeneko za gemu imene mukuifuna, kenako onani ngati GOG ili nayo. Mwachitsanzo Stardew Valley, imene Eric Barone anapanga yekha n'kuitulutsa mu 2016, ili konsekonse.

Yachiwiri ndi ya mayi a ku Mzuzu: "Mwana wanga wayamba kupanga timagemu take. Akafuna kugulitsa, ndalama idzamufikadi?"

Amayi, zimatengera sitolo. Pa madola 100 alionse, Steam imatengapo 30, ndipo musanaike gemu mumayamba mwalipira madola 100. Epic Games Store siitengapo kanthu pa madola 1 miliyoni oyamba amene gemu yapeza pa chaka, kenako imatenga 12 basi. Koma mwanayo ayambire pa itch.io, imene Leaf Corcoran anakhazikitsa mu 2013. Kuika gemu n'kwaulere, ndipo wopangayo amasankha yekha gawo lopatsa sitolo. Amayambira pa madola 10 pa 100 alionse, koma akhoza kutsitsa mpaka ziro. Angathenso kulola wogula kulipira zimene angakwanitse. Kungoti kumeneko kuli ngati pa kaunjika: zabwino zilimo, koma ogula amachita kufukula, ndiye aziuza anthu yekha za gemu yakeyo.

Pomaliza, m'bale wathu wa ku Johannesburg akufunsa ngati n'zoona kuti Epic imagawa magemu aulere. N'zoona achimwene, Lachinayi lililonse, ndipo mukatenga sabata isanathe, gemuyo ndi yanu. Tsegulani akaunti, khadi ya kubanki siifunika.