Mawu a M'mawa: Mafunso Awiri a pa Phiri la Azitona

Mwauka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Lero tili pa Mateyu 24. Amene Baibulo lili pafupi atsegulenso Marko 13 ndi Luka 21, chifukwa nkhaniyi ndi imodzi, ndipo pamene mlembi wina wafupikitsa, mnzake amatambasula.

Chaputala ichi chimafika kawirikawiri m'magulu athu a WhatsApp, koma chimafika chodukaduka. Kukamveka nkhondo, wina amatumiza vesi 6. Mvula ikadula chimanga chili pa ngaiyaye, vesi 7. Chaka cha 2024, chilala chitapsereza minda mpaka boma la Zambia kulengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lagwa m'tsoka, mavesi awiriwa anayenda kwambiri pa mafoni. Vesi 3 ndi limene anthu amalisiya, chonsecho mutu wa nkhani uli pamenepo.

Yesu akutuluka m'Kachisi, ophunzira anamuonetsa kukula kwa miyala yake. Mfumu Herode anayamba kumanga Kachisiyo cha m'ma 20 B.C. Pa Yohane 2:20 Ayuda akunena kuti ntchitoyo inali itatenga kale zaka 46, ndipo inadzatha cha m'ma 63 A.D. Yesu anayankha kuti sipadzatsala mwala pamwamba pa unzake. Atakhala pansi pa Phiri la Azitona, Petro, Yakobo, Yohane ndi Andreya anabwera mseri (mayinawa akuwatchula ndi Marko 13:3) ndi kufunsa zinthu ziwiri: kodi zimenezi zidzachitika liti, nanga chizindikiro cha kubwera kwanu ndi kutha kwa nthawi ino n'chiyani? Kwa iwo linali funso limodzi, popeza Myuda sakanaganiza kuti Kachisi angagwe dziko n'kupitirira. Yesu anayankha onse awiri m'kulankhula kumodzi. Zili ngati mapiri ozungulira Chipata ukamawaona uli kutali pa msewu wa Great East: amaoneka ogundana, koma ukafika pafupi umapeza kuti pakati pawo pali minda, midzi ndi mtunda wautali. Ntchito ya wowerenga ndi kuzindikira kuti vesi lililonse likunena phiri liti.

Yambani ndi mavesi 15 mpaka 20, ndipo muwerenge pang'onopang'ono. Amene ali m'Yudeya athawire kumapiri. Amene ali pamwamba pa nyumba asatsike kukatenga katundu. Pempherani kuti kuthawa kwanu kusakhale m'nyengo yozizira kapena pa Sabata. Awa ndi malangizo a malo amodzi ndi nthawi imodzi. Nyumba za ku Yudeya zinali ndi madenga afulati okhalapo anthu, osati malata kapena udzu ngati zathu. Ndipo dziko lonse likanakhala kuti likutha, kuthawira kuphiri kukanathandiza chiyani? Luka 21:20 akumasulira mosabisa: mukadzaona Yerusalemu atazingidwa ndi ankhondo, dziwani kuti kupasuka kwake kwayandikira.

Zinachitikadi. Ayuda anaukira Aroma mu 66 A.D. Mu 70 A.D., Titus, mwana wa mfumu Vespasian, anazinga mzindawo kuyambira nyengo ya Paskha kwa miyezi pafupifupi isanu. Josephus, Myuda amene anaona nkhondoyo ndi maso, analemba za njala yoopsa imene inagwa m'kati mwa malinga. Kachisi anatenthedwa, nyumba zake n'kugumulidwa. Khoma limene Ayuda amapempherapo lero ku Yerusalemu si la Kachisi weniweniyo ayi, ndi lochirikiza bwalo lake. Ku Roma mpaka pano kuli chipata cha chikumbutso cha Titus, chosemedwa asilikali atanyamula choikapo nyale cha m'Kachisi. Eusebius, wolemba mbiri ya mpingo, akunena kuti Akhristu a mu Yerusalemu anatuluka chiwonongekocho chisanafike n'kupita ku Pella, kutsidya kwa Yordano. Tsopano vesi 34 likumveka: mbadwo uno sudzatha zonsezi zisanachitike. Kuchokera pamene Yesu ankalankhula, cha m'ma 30 A.D., kufika mu 70 A.D. ndi zaka ngati 40, m'badwo umodzi.

Chonyansa cha kupululutsa chotchulidwa pa vesi 15 chikuchokera pa Danieli 9:27, 11:31 ndi 12:11. Ophunzira ankachidziwa kale, chifukwa mu 167 B.C. mfumu Antiochus Epiphanes inadetsa Kachisi poikamo guwa lachikunja, ndipo abale a Chikatolika nkhaniyi ali nayo m'buku loyamba la Amakabeo. Yesu anatenga chinthu chimene chinachitikapo kale n'kunena kuti chikubweranso. Paulo naye pa 2 Atesalonika 2:3-4 akunena za munthu wosayeruzika wodzikweza ngati Mulungu. Ndiye ulosi ungathe kukwaniritsidwa kamodzi m'mbiri koma n'kukhalabe ukuloza kutsogolo. Chimene sitiyenera kuchita ndi kudumpha kukwaniritsidwa koyambako ngati kuti sikunachitike.

Nanga nkhondo, njala ndi zivomezi? Onani mmene vesi 6 likuthera: izi ziyenera kuchitika, koma chimaliziro sichinafike. Vesi 8 likuti ndi chiyambi chabe cha zowawa za kubala. Yesu anazitchula kuti tisachite mantha, ife tikuzitumiza kuti tiopsezane. Atumwi omwe anaziona ali moyo: Machitidwe 11:28 akunena za njala ya m'masiku a Klaudiyo, ndipo mzinda wa Laodikaya unagwa ndi chivomezi mu 60 A.D. Chilala cha 2024, namondwe Freddy amene anasakaza kum'mwera kwa Malawi mu Malichi 2023, ntchemberezandonda m'chimanga, zonsezi zikutiuza zoona kuti dziko likubuula ndipo likudikira Mwini wake. Tsiku ndiye sizikutiuza.

Pa vesi 36 kalankhulidwe kakusintha. Za kugwa kwa Yerusalemu Yesu anapereka chizindikiro chooneka ndi maso. Za tsiku ilo akuti palibe akudziwa, angelo ngakhale Mwana, koma Atate okha. Zitsanzo zotsatira zonse ndi za moyo wa tsiku ndi tsiku: anthu a m'masiku a Nowa akudya ndi kukwatirana, amuna awiri ali kumunda, akazi awiri akupera, mbala yobwera usiku. Atauka kwa akufa ophunzira anafunsanso, ndipo pa Machitidwe 1:7 anawayankha kuti nthawi ndi nyengo si zawo kuzidziwa.

Komabe anthu sanaleke kuwerengetsa, ndipo n'kofunika kudziwa mmene masamuwo amayendera kuti muzizindikira akafika pa foni yanu. William Miller wa ku America anatenga masiku 2,300 a pa Danieli 8:14. Anawasandutsa zaka potsamira pa Numeri 14:34 ndi Ezekieli 4:6. Anayamba kuwerenga pa 457 B.C. Mukachotsa 457 pa 2,300 mupeza 1843, ndipo poti palibe chaka cha ziro, chaka chenicheni chimakhala 1844. Otsatira ake anakhazikika pa 22 Okutobala 1844. Kuchotsera kunali kolondola, koma panali zinthu zitatu zongoganizira: kuti tsiku lililonse ndi chaka, kuti poyambira ndi pamenepo, ndi kuti kuyeretsedwa kwa malo opatulika ndiko kubwera kwa Khristu pa dziko. Tsikulo linadutsa, ena atasiya mbewu m'minda osakolola. Mpingo wa Seventh-day Adventist, umene unakhazikitsidwa mu 1863 kuchokera mwa ena a gululo, sutchula tsiku la kubwera kwa Ambuye.

Kuno kwathu nazonso zinafika. Elliot Kamwana analalikira ku Nkhata Bay mu 1908 ndi 1909 kuti ufumu udzafika mu 1914, ndipo anabatiza anthu masauzande m'miyezi yochepa. Harold Camping wa ku America analengeza pa wailesi kuti tsikulo ndi 21 Meyi 2011, kenako anasunthira ku 21 Okutobala chaka chomwecho. Kumene zinafika poipa ndi ku Kanungu ku Uganda: atsogoleri anati dziko litha pa kutha kwa 1999, anthu anagulitsa katundu n'kupereka ndalama, ndipo tsiku litadutsa ena anayamba kufunsa chuma chawo. Pa 17 Malichi 2000 mazana a anthu anapsera m'nyumba yopemphereramo, ndipo pamodzi ndi mitembo yopezeka m'maenje akufa anaposa 700. Ku Shakahola ku Kenya, kuyambira mu 2023 anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu amene anauzidwa kusala kudya kufikira imfa kuti akaonane ndi Yesu. Njira yake imafanana: tsiku limatchulidwa, anthu amalekanitsidwa ndi abale ndi katundu wawo, ndipo tsikulo likalephera mtsogoleri amalisuntha kapena kuloza chala nkhosa kuti chikhulupiriro chawo n'chochepa. Deuteronomo 18:22 sapereka mwayi wachiwiri wotere. Mawu akapanda kuchitika, Yehova sanawalankhule.

Pa 666 tingonena mwachidule. Nambalayi yamatidwapo pa katemera, pa kulembetsa ma SIM, pa reji yatsopano, pa makadi a kubanki. Chivumbulutso 13:18 chikuti ndi nambala ya munthu, ndipo chikuuza wowerenga wanzeru kuti aiwerengetse. M'Chihebri ndi m'Chigriki zilembo zinalinso manambala. Dzina la Nero Kaisara, mfumu ya Aroma, likalembedwa m'zilembo za Chihebri limapereka 50, 200, 6, 50, 100, 60 ndi 200, zonse pamodzi 666. Mukachotsa chilembo chomaliza cha dzina loyambalo, chimene ndi 50, mutsala ndi 616, ndipo mipukutu ina yakale ilidi ndi 616. Si Akhristu onse amene amavomereza kuti nkhani inathera pa Nero, ambiri amayembekeza wokana Khristu wotsiriza. Koma pa Chivumbulutso 14:9 chizindikiro chikuyendera limodzi ndi kulambira chilombo. Munthu sangachilandire mosadziwa ataima pa mzere ku chipatala.

Tsono uthenga wa masiku otsiriza ukafika pa gulu, musanautumize kwina chitani izi. Tsegulani vesi lotchulidwalo ndi kuwerenga chaputala chonse, osati mzere umodzi. Dzifunseni kuti mawuwo ankauzidwa ndani poyamba ndipo iwo anawamva bwanji. Ngati muli deti, mwezi kapena chaka, Mateyu 24:36 wautsutsa kale, palibe chifukwa chopitirira nawo. Chachikulu kuposa zonse, onani chimene uthengawo ukufuna kuti muchite. Ukati tumizani ndalama pa nambala iyi, lekani kumwa ma ARV kapena mankhwala a shuga, chotsani ana kusukulu, musagule feteleza chaka chino, gulitsani ng'ombe, dziwani kuti Paulo anakumana nazo kale zoterezi. Pa 2 Atesalonika 2:2 akuchenjeza za kalata yonamizira kuti yachokera kwa atumwi yonena kuti tsiku la Ambuye lafika, ndipo pa 3:10-12 akulamula osiya ntchito kuti agwire ntchito ndi kudya zawozawo. Zikakukanikani, pitani nazo kwa abusa, abambo mfumu kapena akulu a mpingo amene mumawadziwa nkhope, osati kwa mneneri wa pa TikTok.

Mipingo yathu imasiyana pa zaka 1,000 za pa Chivumbulutso 20, zotchulidwa kasanu ndi kamodzi pa mavesi 2 mpaka 7. A RCZ (Reformed Church in Zambia) ndi Akatolika amazimva ngati nthawi ya mpingo imene tilimo. A Adventist amaziika Khristu atabwera. Ambiri a Pentekosite amaphunzitsa mkwatulo ndi zaka zisanu ndi ziwiri za chisautso, chiphunzitso chimene chinafala kudzera mwa John Nelson Darby m'ma 1830 ndi Baibulo la Scofield la 1909. N'zoyenera kukambirana ndi Baibulo lotsegula, koma si zodanirana pa maliro kapena pa chitsime, pakuti onsewa amavomereza kuti adzabweranso kudzaweruza amoyo ndi akufa.

Yesu sanatsirize Mateyu 24 ndi tchati cha zaka. Vesi 45 likunena za kapolo amene mbuye wake anamuika kuti azipatsa anzake chakudya pa nthawi yake, ndipo wodala ndi amene adzapezedwe akuchita zimenezo. Pa Mateyu 25:35-36 mafunso a pa chiweruzo ndi a njala, ludzu, mlendo, usiwa, matenda ndi ndende. Mateyu 24:14 akuti uthenga uyenera kulalikidwa kwa mitundu yonse, ndipo ndi m'njira imeneyo unafikira pa mishoni ya Magwero pafupi ndi Chipata mu 1899. Kudikira kumene akufuna kuli ndi ntchito m'manja: thumba la ufa kwa agogo olera ana amasiye, kukazonda wodwala ku chipatala, kukonza mlandu ndi m'bale dzuwa lisanalowe.

Mawa tidzatenga masabata 70 a pa Danieli 9:24-27. Muwerengeretu chaputala chonse kuyambira pa pemphero la Danieli pa vesi 4, pamodzi ndi Yeremiya 25:11-12 ndi Ezara 7, ndipo mubwere ndi pensulo chifukwa tidzawerengetsa malamulo atatu a mafumu a ku Perisiya limodzi ndi limodzi.