Nkhuku pa poloti yogona: zimene tinakambirana pa msonkhano wa m'dera ku Matawale

Zikomo a mfumu, zikomo a khansala, amayi ndi abambo nonse amene mwabwera. Akumbuyoko mukundimva? Chabwino. Ine ndimaweta nkhuku kuseri kwa nyumba ngati ambiri a inu, ndiye musaope kuti ndabwera kudzakuuzani kuti muziphe ayi. Dzira la m'mawa la mwana wopita ku sukulu ndimalidziwa kufunika kwake, komanso ka ndalama kogulira sopo kamene kamachokera ku thileyi imodzi ya mazira. Koma pali zinthu zoti tidziwe pa nkhani ya malamulo, chifukwa ambirife timangomanga khola, kenako tsiku lina n'kudabwa a zaumoyo a ku khonsolo atiimirira pa geti.

Choyamba ndi malo amene tikukhalawa. Kuno si kumudzi kumene nkhuku imachoka m'mawa kukapalasa kumunda n'kubwera yokha madzulo. Zomba ndi mzinda, unali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo malo a mumzinda anagawidwa ntchito zake, kwina kogona, kwina kwa mashopu, kwina kwa mafakitale. Lamulo limene limayang'anira zimenezi pano ndi Physical Planning Act la 2016, linalowa m'malo mwa lija lakale la Town and Country Planning Act. Mfundo yake yoti mugwire ndi iyi, poloti imene inaperekedwa kuti pakhale nyumba yogona, mukafuna kuisandutsa malo a ntchito ina mumayenera kupempha chilolezo kaye. Ndiye taonani, mathadzi asanu kapena khumi a ndiwo za pakhomo ndi nkhani ina, koma mukamanga chikhola cha njerwa n'kuikamo mabuloyila 500, magalimoto n'kumabwera kudzatsitsa matumba a fidi ndi kudzatenga nkhuku, pamenepo poloti ija yasanduka famu, ngakhale inuyo mukugonabe pomwepo. Musanagule malata pitani ku maofesi a khonsolo ya mzinda, mukafunse a zomangamanga ndi a zaumoyo, mutenge ndi pepala losonyeza kukula kwa poloti yanu. Khonsolo ili ndi mphamvu yopanga malamulo ake a mumzinda kudzera mu Local Government Act ya 1998, ndiye za chiwerengero cha ziweto ndi pomanga khola mukazimve kwa iwowo ndi makutu anu, osati kwa amene akukugulitsani anapiye, iye akufuna katundu wake ayende basi.

Amene muli pa lendi, kaya nyumba za Malawi Housing kaya za landilodi wamba, werengani pepala limene munasainira lija, mumufunsenso mwini nyumba. Imeneyo sinditayapo nthawi.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse. Lamulo limene limagwira anthu ambiri si la mapulani lija ayi, ndi la zaumoyo, Public Health Act, lakalekale la 1948 koma likugwirabe ntchito. Mmenemo muli nkhani ya zinthu zosowetsa anthu mtendere kapena zoika moyo wawo pa chiswe, ndipo khola losungidwa mwauve lili m'gulu limenelo. Neba akakadandaula, a zaumoyo amabwera kudzaona, amakupatsani notisi yoti mukonze pofika tsiku lakuti, mukanyozera nkhani ikhoza kukafika ku khoti. Ndiye mwaona, samayamba ndi kuwerenga nkhuku, amayamba ndi mphuno.

Ine zinandichitikira. Khola langa loyamba ndinalitsamiritsa ku mpanda wa njerwa, mbali inayo kuli windo la kuchipinda kwa aneba, ine osaganizako n'komwe. Itabwera mvula ya Januwale, mukuidziwa mmene imatsikira kuchokera kuphiriku, madzi analowa m'khola, chitosi chonse chinasanduka phala n'kumayenderera kunsi kwa mpanda mpaka pamene mayi aja amatsukira mbale. Anabwera m'mawa atanyamula mwana wamng'ono, sanakalipe, anangoti amayi tabwerani mudzaone. Ndinapita, ndinaona ntchentche zili bii pa thandala la mbale, mwana uja akukwawira chapomwepo. Mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa tonse tikukumbuka mmene kolera inatisautsira mu 2022 ndi 2023, nkhani ya ukhondo si yoseweretsa. Sabata yomweyo khola ndinaligwetsa n'kukalimanga pakati pa bwalo langa, pokwera.

Paja walira mvula walira matope, wafuna mazira wafunanso chitosi. Nkhuku imodzi yoikira imadya magalamu pafupifupi 120 patsiku, ndipo chitosi chimene imatulutsa sichisiyana kwenikweni ndi muyeso umenewo, ndiye mukakhala ndi 50 ndi makilogalamu ngati 6 tsiku lililonse, pa mwezi werengani nokha. Chipita kuti? Pansi pa khola thirani utuchi kapena mankhusu a mpunga, kuno kwathu savuta kupeza ku zigayo za mpunga, akhale ouma nthawi zonse, muziwatembenuza, akanyowa chotsani. Chitosicho chiikeni pa dzenje lovindikira chiwolerane ndi masamba, ndi manyowa abwino zedi a mpiru ndi tomato, ena amachita kugula. Koma chonde osataya mu ngalande, zonse za mu ngalande zathuzi zimakathera mu Likangala, kumunsiko anthu akuchapa, akuthirira madimba.

Za tambala. Ambiri amaganiza kuti popanda tambala thadzi siliikira, si zoona, limaikira bwinobwino, kungoti mazirawo sangaswe anapiye. Ngati cholinga chanu ndi mazira odya tambala simukumufuna, ndipo ndi iyeyo amene amayambanitsa anthu, kulira 3 koloko usiku pa windo la munthu amene wachokera ku naiti kuchipatala kapena mwana wa ku Chanco amene ali pa mayeso. Ngati mukufuna anapiye sungani mmodzi, usiku muzimutsekera mkati mwa khola mwa mdima, kutali ndi zipinda za anzanu.

Inde bambo, funso lanu ndalimva, akuti nanga za lokolo zimene zinazolowera kuyenda? Zimenezonso zitsekereni kapena zitchingireni ndi waya. Nkhuku yanu ikakajompha mbewu za ndiwo za mwini, wolakwa ndinu, ndipo ikamayenda chisawawa ndi imene imatuta chitopa kupita nacho khomo ndi khomo. Chitopa mukuchidziwa, chimakonda nyengo yotentha ija tisanalandire mvula, nkhuku kuzyolika, khosi kupindika, chitosi chobiriwira, masiku ochepa khola lonse psiti. Mankhwala ochiza palibe, koma katemera alipo, wa I-2, amapangidwa konkuno ku Malawi, dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse pa miyezi inayi iliyonse, katatu pa chaka. Botolo limodzi limakwana nkhuku zambiri, ndiye ndi bwino tizisonkherana mdadada wonse n'kuitana alangizi a ziweto tsiku limodzi. Nkhuku zikayamba kufa motsatizana auzeni alangiziwo msanga, zakufazo kwirirani mozama kapena tenthani, osaziponya pa chulu cha zinyalala kuti agalu azikoka, ndipo osathamangira nazo kumsika zodwalazo kuti mupulumutseko ndalama, mukukapha nkhuku za anzanu.

A mfumu, ndikupempha kuti tikamabalalika pano aliyense amene ali ndi nkhuku alembetse dzina ndi chiwerengero kwa a sekilitale, kuti tidziwe mabotolo angati a katemera tikaitanitse. Kope lili patebulo apo, cholembera ndabweretsa.