Bomba la pamanja siliphulika ngati m'mafilimu a nkhondo

Moni nonse, takulandiraninso. Lero tili pa mafilimu a nkhondo, makamaka aja oonetsa moyo wa msilikali weniweni. Ndili ndi mfundo zinayi, koma ndineneretu, yachitatu ndiyo imandinyansa ndipo ndikhalitsapo. Amene simunadinebe subscribe, dinani tsopano tisanapite patali.

Yoyamba, mwachangu. Osewera amayamba alawa usilikali kamera isanayake. Dale Dye, kaputeni wopuma wa Marines, gulu la asilikali a America, yemwe anamenya nkhondo ku Vietnam, anatenga osewera a Platoon ya 1986 n'kukakhala nawo m'nkhalango ku Philippines pafupifupi milungu iwiri, akugona m'maenje okumba okha, tulo ta apo ndi apo. Pa Saving Private Ryan ya 1998 anachitanso zomwezo, koma Matt Damon anasiyidwa dala kuti anzake amuipidwe, poti nkhaniyo imafuna zimenezo.

Yachiwiri, thupi. Mu Das Boot ya 1981, ya asilikali a Germany a m'sitima yoyenda pansi pa nyanja, osewera ankaletsedwa kuwothera dzuwa kuti khungu lituwe. Ndevu zija mumaziona kumapeto si zomata, zinamera zokha pojambula. Basi, tipitirire.

Yachitatu. Abale anga, bomba la pamanja. Mwaona kangati msilikali akuzula pini ndi mano, n'kuponya, kenako chimoto cha lawilawi n'kumeza nyumba yonse, anthu n'kuuluka m'mwamba? Zonse zitatuzo n'zabodza.

Tiyambe ndi moto. Bomba la M67, limene asilikali a America amagwiritsa ntchito, ndi kampira kachitsulo kolemera magalamu pafupifupi 400, ndipo m'kati muli mankhwala ophulika okwana magalamu 180 okha. Mulibe petulo ngakhale dontho. Likaphulika mumamva phokoso louma, gu! Kamoto kamangothwanima, kenako utsi wotuwa ndi fumbi. Chimene chimapha ndi tizidutswa tachitsulo timene diso silingationenso. Mkati mwa mamita 5 timapha, mpaka mamita 15 timavulaza.

Nanga chimoto chija chimachokera kuti? Akatswiri a zophulitsa amakwirira mphika wachitsulo pansi, kukamwa kuloza m'mwamba. Pansi pa mphikawo amaika wonga pang'ono, pamwamba pake thumba la petulo, nthawi zina n'kuthiramo dizilo kuti utsi ude. Amayatsa ndi waya wa magetsi ali patali. Dothi lothira pamwamba amalisefa kaye, chifukwa kamwala kamodzi kakatsalira kamasanduka chipolopolo. Mphepo ikangotembenuka amaimitsa zonse, apo ayi motowo ukathera pa osewera. Ndipo munthu wouluka uja sakukankhidwa ndi bomba. Mwina waponda chitsulo chomutumphitsa ndi mpweya, kapena wamangidwa chingwe kumsana ndipo anzake amukoka.

Tsopano pini. Kumapeto kwake ndi kogawika pawiri, n'kupindidwa dala kuti isatuluke yokha m'thumba. Mukati muizule ndi mano, azuka ndi manowo. Komanso, ndipo apa ndi pamene ambiri samvetsa, kuzula pini sikuyatsa bomba. Pambali pake pali kachitsulo kopindika ngati supuni, kamene dzanja limakapanikiza. Bola dzanja likugwira zolimba, palibe chimene chayamba. Mukaponya, kasupuniko kamauluka, sipuling'i imamenyetsa kanyundo pa choyatsira, ndipo kuchokera pamenepo mwatsala ndi masekondi 4 kapena 5. Ngozi yeniyeni imene aphunzitsi a usilikali amaiopa ndi yoti wophunzira wamantha amasule zala pang'ono n'kugwiranso. Kanyundo kakhoza kumenya kale iye osadziwa, bomba n'kumayaka lili m'manja. Zoti muligwire masekondi awiri kaye musanaponye, monga amachitira akatswiri a m'mafilimu, nazonso n'zoika moyo pachiswe, chifukwa nthawi ya choyatsira simafanana ndendende pa bomba lililonse.

Ndiwonjezere china, ndikhululukireni, ndinanena kuti ndikhalitsa. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Bomba likaphulika pa mtunda wa kilomita imodzi, mumaona utsi kaye, kugunda n'kufika patadutsa masekondi atatu. Zili ngati mvula, mphezi imang'anima kaye bingu n'kutsatira. Mafilimu ambiri amaziphatikiza pamodzi poopa kuti oonera aganiza kuti mawu atsalira.

Mukufuna kuona amene anayesetsa? Bwererani ku chiyambi cha Saving Private Ryan, pomwe asilikali akutsika pa gombe la Omaha ku France pa 6 June 1944, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Anajambulira ku Curracloe, dziko la Ireland. Mabomba akamagwa, chimene chikudumpha ndi mchenga ndi madzi. Wojambula, Janusz Kamiński, anachepetsa kutseguka kwa shutter, kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera, mpaka madigiri 45 kuti kamchenga kalikonse kaoneke pakokha, osasakanikira. Bomba likagwa pafupi ndi Tom Hanks, mawu onse amazilala ngati mwamizidwa m'madzi, mmene makutu amachitira akagontha. Chimoto chachikulu chimene muchione pamenepo n'cha chida chopopera moto, ndipo chimenecho chimanyamuladi mafuta. Ngati mwaphunzirapo kanthu, like imodzi siikuphani.

Yachinayi, amene kamera siiwapeza kawirikawiri. Asilikali a ku Nyasaland a King's African Rifles (KAR) anakamenya nkhondo ku Burma mu 1944, m'chigwa cha Kabaw, nthawi ya mvula yosalekeza ndi malungo. Chipilala cha KAR chilipo ku Zomba, koma m'mafilimu otchuka a nkhondoyi simuwaona. Amene anayesa kuonetsa asilikali a ku Africa ndi monga Ousmane Sembène mu Camp de Thiaroye ya 1988, yonena za asilikali a kumadzulo kwa Africa amene anawomberedwa ndi asilikali a France pafupi ndi Dakar mu 1944 atafunsa malipiro awo. Inanso ndi Indigènes ya 2006, ya asilikali a kumpoto kwa Africa.

Ngati agogo anu anapita ku Burma, tilembereni mu makomenti zimene ankakufotokozerani. Vidiyo yotsatira tikambirana za mfuti zija zosatha zipolopolo. Dinani kabelu kuti isakupiteni.