Uthenga kwa mphwanga: kaliwu kakumapeto kaja usakataye

Mphwanga, wadzuka bwanji kumeneko? Ife kuno tadzuka. Kalata wanditumizira pa WhatsApp ija ndaiwerenga, ndipo ndaona kuti ndingokujambulira mawu m'malo molemba, chifukwa zina mwa izi zimalowa bwino ndi khutu.

Choyamba mtima ukhale m'malo, sanakukane ayi. Alemba kuti "Your interview has been put off until Monday." Akutanthauza kuti intaviyu ija aisunthira Lolemba, basi. Akanakhala kuti aithetseratu akanati "called off", ndipo akanakhala kuti akukana pempho lako ukanawerenga kuti "Your application has been turned down." Ndiye Lolemba upite, ukafikenso msanga.

Koma ndikufuna umvetsetse mmene ziganizo zamtunduwu zimamangidwira, chifukwa m'makalata a ntchito, kusukulu, pabwalo la ndege, uzikumana nazo tsiku ndi tsiku. Ife m'Chichewa timangoti msonkhano wathetsedwa, mwana analeredwa ndi azakhali ake. Ka "edwa" kaja kamaliza zonse. Chingerezi chimafuna zidutswa zitatu. Umayamba ndi "is", "was", "has been" kapena "will be", malinga ndi nthawi. Kenako mneni uja aphunzitsi amautcha past participle, monga "called", "taken", "put". Pamapeto pamabwera kaliwu kakang'ono: "off", "up", "down", "on", "into". Ukuona? "Was called off." "Will be picked up."

Tsono nkhani yonse yagona pa kaliwu kameneko. Munthu akati "A meeting was called", ndiye kuti msonkhano waitanitsidwa, konzekera. Akangowonjezera "off", msonkhano palibenso, khala kunyumba. "He was taken on" ndiye kuti amulemba ntchito. "He was laid off" ndiye kuti amuchotsa, ndipo kawirikawiri si kuti walakwa, kampani ikungochepetsa antchito. Koma chimene ndikufuna usaiwale ngakhale uli mtulo ndi "brought forward". Akakulembera kuti "Your appointment has been brought forward to Tuesday", tsiku labwera kufupi, silinapite kutali. Ambiri amamva "forward" n'kuganiza kuti awonjezeredwa masiku, kukafika atatseka kale mwayi. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa munthuyo amakhala woyenera ntchitoyo, changomugwetsa ndi liwu limodzi.

Tamvera mmene ndikutchulira: called OFF, put OFF, turned DOWN. Wamva kuti mawu akukwera pamapeto? Eni chilankhulo amatsindika pomwepo. Ukamalankhula ndi munthu pafoni, khutu lako lidikire kumapetoko, usathamangire kuyankha utangomva mneni.

China ndi malo a kaliwuko. Wochita akatchulidwa koyambirira, nthawi zambiri amaloledwa kukalekanitsa ndi mneni: "They called the meeting off", kapena "They called it off." Koma chiganizo chikatembenuzidwa, kuti tiyambe ndi chinthu chochitiridwacho, ziwirizi zimayandikana, kaliwu pambuyo pa mneni. Ngakhale pabwere "by" wotiuza amene wachita, kaliwu kaja sikachoka. "She was brought up by her aunt." Usaone "up" ndi "by" atatsatana n'kuganiza kuti mmodzi wachuluka. Ukachotsa "up" wanena kuti azakhaliwo anangobwera naye, pomwe umafuna kunena kuti anamulera. N'chimodzimodzi ndi "The children are looked after by a neighbour." Ndipo zina zimamveka ngati zathera panjira, monga "The house was broken into", kunena kuti akuba anathyola nyumba. Pakamwa pamafuna kuwonjezera kanthu pambuyo pa "into", koma ayi, chiganizo chakwana. Zilipo mpaka za timawu tiwiri, "He was looked down on", ankamuderera. Tonse tiwiri tikhalepo.

Samala, si mneni aliyense amene amatembenuzika chonchi. Galimoto ikafa panjira amati "The car broke down", osati "was broken down". Ukamanena kumene unakulira, ndi "I grew up", osati "I was grown up". Ngakhale m'Chichewa palibe amene amati ndinakulidwa. Timati ndinakula, kapena ndinaleredwa. Dzifunse kuti, kodi pali wina amene wachitira chinthuchi zimenezi? Ngati palibe, "was" asalowepo.

Ndikuuzenso chifukwa chake a m'maofesi amakonda kalembedwe kameneka: kamabisa munthu. "Your request was turned down", koma wakana ndani sakukuuza. "The payment has been held up", ndalama zachedwa, wazichedwetsa ndani, zii. Ukalandira zotere usangokhala chete n'kumadziimba mlandu. Yankha mwaulemu, ufunse kuti "Who can I speak to about this?" Ndipo iweyo ukamalemba za chinthu chimene wachita wekha, ine ndimaona kuti n'kwabwino kungonena poyera kuti ndiwe, anthu amakudalira msanga. Pocheza uzimvanso akuti "He got laid off", "get" m'malo mwa "was". Si kulakwa, koma m'kalata yofunsira ntchito gwiritsa "was" yemweyo.

Ukakumana ndi lina lachilendo, m'dikishonale usafufuze "put" yekha, matanthauzo ake ndi ankhaninkhani, ungosokonezeka. Fufuza "put off" zonse pamodzi, ulembe m'kope chiganizo chathunthu mmene wachipezera. Upange zako zisanu usikuuno, unditumizire pa mawu omwe kuti ndimvenso katchulidwe. Uwapatse moni amayi ako, uwauze ndiwaimbira Loweruka.