Lucy Stone: mayi amene anakwatiwa koma dzina la mwamuna analikana

Muli bwanji nonse amene mukuonera, takulandiraninso. Lero tili ndi mayi wa ku America dzina lake Lucy Stone, ndipo ndikufuna tilowe m'nyumba mwake chifukwa nkhani yake yokoma ili kumeneko.

Mwachidule kaye. Anabadwa mu 1818 pa famu ku West Brookfield, Massachusetts. Bambo ake sankaona chifukwa cholipirira mwana wamkazi fizi ya ku koleji, ndiye anayamba uphunzitsi n'kumasunga tindalama mpaka anakalowa Oberlin College ku Ohio. Anamaliza mu 1847, mkazi woyamba wa ku Massachusetts kutenga digiri. Kenako anayamba kuzungulira m'matauni kulankhula zothetsa ukapolo komanso za ufulu wa amayi.

Ndiye za banja iyeyu sankazifuna olo pang'ono, ndipo mukamva chifukwa chake simungamunene. Nthawi imeneyo m'madera ambiri a ku America mkazi akangokwatiwa katundu wake amalamulira ndi mwamuna, ndalama wakhetsera thukuta yekha ndi za mwamuna, ana nawonso mphamvu zonse zili kwa bambo, iweyo pamaso pa malamulo umakhala ngati wasowa. Ndiye kunabwera Henry Blackwell, wabizinesi wa ku Cincinnati, mchimwene wake wa Elizabeth Blackwell uja amene anali mkazi woyamba kutenga digiri ya udokotala ku America. Mkuluyu anafunsira zaka ziwiri zathunthu, makalata kulemba osatopa, kulonjeza kuti banja lawo lidzakhala la anthu ofanana.

Ukwati unachitika pa 1 May 1855, ndipo apa mvetserani. Pa mwambowo panawerengedwa chikalata chomwe awiriwa anasaina, chonena kuti inde tikukondana ndipo tikukwatirana, koma malamulo opatsa mwamuna mphamvu pa thupi la mkazi, katundu wake ndi ana ife sitikugwirizana nawo. Mawu aja akuti mkazi azimvera mwamuna anachotsamo mu malumbiro. Abusa omwe anadalitsa ukwatiwo, a Thomas Wentworth Higginson, anatumiza chikalatacho ku nyuzipepala. Tangoganizani, mwamuna kuima pagulu n'kukana mphamvu zomwe boma lamupatsa mwaulere, ine pamenepa Henry ndimamupatsa ulemu.

Kenako nkhani ya dzina. Lucy anafunsa maloya, n'kumuuza kuti palibe lamulo lomukakamiza kutenga dzina la mwamuna, basi anakhalabe Lucy Stone. Kwathu kuno zisatidabwitse kwambiri, agogo athu aakazi a Nabanda, a Naphiri, ankakwatiwa koma mfunda wawo sunkasintha mpaka kumanda. Koma ku America ya 1855 anthu anaona ngati mayiyu wapenga.

Ndipo dzinali linamudyera zinthu. Mu 1879 Massachusetts inalola amayi kuvota pa zisankho za makomiti a sukulu, chinthu chomwe iye anachimenyera nkhondo zaka zambirimbiri, koma akuluakulu anati pokhapokha alembetse ngati Blackwell. Anakana. Sanavote. Imeneyi imandikhudza kwambiri, kufika pakhomo penipeni n'kubwerera chifukwa sukufuna kudzikana.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono. Mwana wawo Alice anabadwa mu 1857 akukhala ku Orange, New Jersey, ndipo miyezi yomweyo kunabwera kalata ya msonkho wa nyumba. Lucy anaibweza, akuti mkazi wosaloledwa kuvota asamalipiritsidwe msonkho. Boma linamulanda katundu wina wa m'nyumba n'kumugulitsa pa okushoni, khanda lili m'manja. Pambuyo pake anachepetsa kwambiri maulendo kwa zaka zingapo n'kukhala pakhomo kulera mwana, ndipo sindiona kuti pamenepa anagonja ayi, mwana amafuna mayi ake ndipo iye anasankha yekha.

Atabwerera anapeza mkangano. Anzake omenyera ufulu wa amayi, Susan B. Anthony ndi Elizabeth Cady Stanton, ankatsutsa kusintha kwa nambala 15 kwa malamulo a dziko chifukwa kunkapereka voti kwa amuna akuda koma amayi ayi. Lucy zinamuwawanso koma anati anthu omwe angotuluka muukapolo asatsekeredwe njira. Anasiyana. Mu 1869 iye ndi anzake anayambitsa bungwe lomenyera voti ya amayi lotchedwa American Woman Suffrage Association, ndipo mu 1870 ku Boston anayambitsa nyuzipepala ya Woman's Journal yotuluka sabata iliyonse. Imeneyi inasanduka ntchito ya banja lonse, mayi, bambo, kenako Alice atakula naye anakhala mkonzi. Ndi Alice yemweyo amene anathandiza kuyanjanitsa gulu la mayi ake ndi gulu la Anthony ndi Stanton mu 1890.

Lucy anamwalira pa 18 October 1893 ku Dorchester ali ndi zaka 75. Amayi a ku America konse anapatsidwa voti mu 1920, patatha zaka 27, ndipo Alice anali moyo, anaziona ndi maso ake.