Zida zikakhala "pamoto" kuchipatala

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Sendezani mphasazo kumthunzi, dzuwa la kuno ku Salima mukulidziwa.

Dandaulo lanu lija landipeza ine wa kuchipatala. Munthu wabwera ndi bala loti asoke, anamwino n'kumuuza kuti dikirani, zida zili pamoto. Ena mumati ndi ulesi. Lero ndikuuzeni za moto umenewo.

Kuchipinda chakumbuyo kuli makina otchedwa autoclave. Ndi mphika wachitsulo chokhuthala, chivundikiro chake timamanga zolimba kuti nthunzi isathawe. Amayi, nyemba zikawira chivundikiro chimavina, eti? Madzi amenewo ngakhale musonkhezere nkhuni mtolo wonse, sapitirira madigiri 100. Koma nthunzi ikatsekeredwa imapanikizana, kutentha n'kufika 121. Masizasi, zopanira ndi nsalu zimakhala mmenemo mphindi 15 mpaka 30, osawerengera nthawi yoti makina atenthe ndi yoti zida ziume.

Nkhani yonse yagona pa 21 wapamwambayo. Kachilombo ka HIV nkosalimba, kamafa ndi madzi owira. Koma tizilombo ta kafumbata, tomwe timakhala m'dothi ndi m'ndowe, timadzitsekera m'kachigoba, ndipo tina timapulumuka ngakhale muwiritse. Nchifukwa chake sindigwirizana nazo zodulira mchombo wa khanda pakhomo, ati lumo taliwiritsa. Makina amenewa si a dzulo. Anawapanga wasayansi Charles Chamberland wa ku France mu 1879, pamene ankagwira ntchito ndi wasayansi mnzake Louis Pasteur.

Tisanaike chida timayamba tachitsuka ndi burashi, chifukwa magazi akaumirapo amaphimba tizilombo, nthunzi siifika. Kenaka timakulunga m'phukusi n'kumatapo tepi. Tepiyo imalowa yotuwa, imatuluka italemba mizere yakuda, kusonyeza kuti nthunzi yadutsapo. Phukusi likatuluka lonyowa, limabwereranso.

Magetsi akazima pakati, ndiye basi, timayambira poyamba. Zinandichitikirapo tsiku lina, kunja kuli bambo wina wadzicheka ndi mpeni potumbula nsomba, wamanga dzanja ndi chitenje cha akazi ake. Ndinamumanga bandeji kuti magazi aleke, koma kusoka anadikira. Anandinyoza mpaka pakhomo, koma bala lake linapola osatukusira.

Mukadzabwera kusikelo mudzandikumbutse, ndidzakuonetsani tepiyo. Bambo kumbuyoko mwakweza dzanja, funsani.